Diso Lofiira Lokana Mankhwala: Tizirombo Tofanana ndi Vairasi

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa zinthu izi:

1. Kuti m'madzi ndi m'dothi muli tizirombo tina timene timadwalitsa diso mofanana ndi mmene vairasi imachitira.
2. Zizindikiro zimene zimatiuza kuti tibwererenso kuchipatala msanga.
3. Mmene achipatala amapezera kachirombo kenikeni kamene kakuvutitsa diso.
4. Mbali imene ife eni ake tili nayo kuti matenda apezeke nthawi isanathe.

MAU OYAMBA

Ambiri mwa ife tikukumbukira chaka cha 2024 pamene matenda a maso ofiira, aja ambiri ankangowatcha pink eye, anabuka ku Karonga ndi kufalikira m'maboma ena. Maso ankafiira, misozi inkatuluka, ndipo matendawa ankayenda nyumba ndi nyumba. Achipatala anatiuza kuti gwero lake ndi vairasi, ndi kuti kwa anthu ambiri amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Zinalidi choncho, ndipo ambiri anachira.

Koma kuchokera pamenepo ena mwa ife tinatenga chizolowezi. Diso likafiira timangoti, "Ndi vairasi ija, zitha zokha." Apa ndiye pagona vuto. Pali matenda ena a maso amene poyamba amaoneka ngati a vairasi, koma satha okha, ndipo mankhwala a vairasi sawagwira. Ngakhale madokotala odziwa ntchito yao amatha kusokonezeka nawo pa masiku oyamba. Matendawa sagwira anthu ambiri, koma amene amugwira akachedwa amataya diso.

TIYEREKEZE NKHANI IYI

Tiyeni tiyerekeze mayi wina amene amalima mpunga kudambo. Tsiku lina akuzula udzu, tsamba lamukwapula m'diso la kumanja. Iye watunga madzi a m'munda momwemo, wasukusula, n'kupitiriza ntchito. Patapita masiku angapo diso lija lafiira, likutuluka misozi, ndipo sakufuna kuyang'ana kuwala.

Wapita kuchipatala. Atamuyeza aona kachilonda kooneka ngati nthambi pagalasi la diso, ndipo amuuza kuti ndi vairasi. Amupatsa mankhwala opaka. Za tsamba lija ndi madzi aja iye sanatchule, pakuti sanafunsidwe ndipo anaona ngati n'zopanda pake. Sabata yatha, diso silikusintha. Usiku sakugona ndi ululu. Mnansi wake wamubwereka mankhwala odontheza amene anamuthandiza iye chaka chatha. Kwa masiku atatu diso layera ndipo ululu wachepa, mayi uja wakondwa. Kenaka zonse zabwerera mwamphamvu kuposa kale, ndipo pagalasi la diso payamba kutuwa.

Tifunsane: kodi zinthu zinalakwika pati? Tikamaliza phunziroli tibwererenso kwa mayi ameneyu.

GALASI LA DISO

Kutsogolo kwa diso lathu, pamene timaona pakuda paja, pali kachikopa koyera ngati madzi kamene kuwala kumadutsapo polowa m'diso. Madokotala amakatcha cornea. Ife m'phunziroli tizikatcha galasi la diso. Kukula kwake sikufika pa chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Galasili lilibe mitsempha ya magazi, koma lili ndi mitsempha yambiri yomvera ululu. N'chifukwa chake kachitsotso kakang'ono kakalowa m'diso timamva ngati mwalowa mwala.

Galasi limeneli likachita chilonda chozama, pochira pamatsala chipsera choyera. Chipseracho chikakhala pakati chimatchinga kuwala, ndipo munthu saonanso bwino ngakhale mkati mwa diso muli bwinobwino. Choncho chilonda cha pagalasi la diso si chofanana ndi chilonda cha pamwendo chimene tingadikire nacho.

Zimene zimayambitsa zilonda zotere zili m'magulu anayi: mavairasi, mabakiteriya, mafangasi amene ndi abale a chuku, ndi tizirombo tina tokhala m'madzi, m'dothi kapena m'thupi. Pakati pa alimi ovulala kumunda, zilonda zambiri zimabwera ndi mabakiteriya ndi mafangasi. Gulu lachinayi ndi lochepa, koma ndi limene limabisala kwambiri. Gulu lililonse lili ndi mankhwala akeake. Dzina la matenda likalakwika, mankhwalanso amalakwika.

MAVAIRASI AWIRI AMENE AMASOKONEZA

Vairasi yoyamba imatchedwa herpes simplex. Ndi yomwe ija imatulutsa tizilonda pamilomo munthu akadwala malungo. Ndi mbale wake wa vairasi ya mashingozi, koma si imodzi. Ikalowa m'thupi imakhalamo moyo wonse, ndipo nthawi zina imadzuka n'kugwira diso limodzi. Pagalasi la diso imapanga chilonda chooneka ngati nthambi za mtengo zokhala ndi timfundo kunsonga. Mankhwala ake odziwika ndi acyclovir, ndipo chilonda cha pamwamba chimapola pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri.

Yachiwiri ndi adenovirus, imodzi mwa mavairasi amene amabweretsa mliri wa maso ofiira. Imapatsirana mosavuta kudzera m'manja ndi m'nsalu zopukutira. Kawirikawiri imayamba diso limodzi n'kupita ku linzake, ndipo imatha kusiya timadontho totuwa pagalasi la diso.

Tsono tione tizirombo titatu timene timatengera maonekedwe a mavairasi amenewa.

KACHIROMBO KOYAMBA: ACANTHAMOEBA

Acanthamoeba ndi mtundu wa amiba, kachirombo kosaoneka ndi maso. Si amiba uja amene amayambitsa kamwazi. Uyu amakhala payekha m'dothi, m'fumbi, m'madambo, m'zitsime, m'matanki osungira madzi, ngakhale m'madzi a pampopi. Tonsefe timakumana naye kawirikawiri osadwala. Sapatsirana kuchokera kwa munthu wina kupita kwa wina. Kuti adwalitse diso amafuna khomo, ndipo khomo lake ndi kukalika kwa galasi la diso.

Kachiromboka kali ndi maonekedwe awiri. Zinthu zikakhala bwino kamayenda, kamadya ndi kuswana. Kakaona zovuta, monga chilala kapena mankhwala, kamadzikulunga m'chigoba cholimba cha zikopa ziwiri n'kugona. M'chigobamo kangathe kukhala zaka zambiri, ndipo klorini wa mlingo umene amathira m'madzi akumwa sakapha. Mankhwala akaleka msanga kamadzukanso. Apa ndi pamene pagona kuvuta kwa matendawa.

Matendawa anayamba kudziwika m'zaka za 1973 ndi 1974 ku America ndi ku England. Mmodzi mwa odwala oyamba anali mlimi woweta ng'ombe ku Texas amene anavulala diso. M'zaka za m'ma 1980 odwala anachuluka chifukwa cha timagalasi tofewa tovala pa diso penipeni, totchedwa contact lens, timene ena ankatsuka ndi madzi a mchere osungunula okha kunyumba. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America odwala ochuluka zedi amakhala ovala timagalasiti. Madokotala a chipatala cha maso cha Moorfields ku London analengeza mu 2018 kuti kuyambira mu 2011 odwala matendawa m'dera lao anachuluka pafupifupi katatu.

Ku India nkhani ndi ina. Zipatala zikuluzikulu za maso za ku Hyderabad ndi ku Madurai zinapeza kuti odwala ao ambiri sanavalepo timagalasi timeneti. Anali alimi ndi antchito amene anavulala ndi udzu, fumbi kapena matope, kapena amene anasukusula madzi akuda. Moyo wao suli kutali ndi wathu. N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife a kumudzi, komanso ana athu a m'tauni ndi abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Britain amene ayamba kuvala timagalasiti, ena pofuna kuona bwino, ena pofuna kusintha mtundu wa maso.

Poyamba Acanthamoeba amapanga timizere pagalasi la diso tofanana ndi nthambi za herpes. Ichi ndicho chifukwa chake odwala ambiri amayamba alandira mankhwala a vairasi. Komabe pali zosiyanitsa zimene dokotala amayang'ana:

1. Mbiri ya diso. Wa herpes kawirikawiri anadwalapo diso lomwelo kale. Wa amiba amakumbukira kuvulala, madzi akuda, matope kapena timagalasi tovala.
2. Ululu. Odwala amiba ambiri amamva ululu waukulu woposa kukula kwa chilonda chimene chikuoneka. Komabe ena samva ululu wotere, choncho kusapweteka kwambiri sikutanthauza kuti amiba palibe.
3. Maonekedwe a timizere. Nthambi za herpes zili ndi timfundo kunsonga ndipo zimagwira bwino utoto woyezera. Timizere ta amiba ndi totukuka pang'ono, topanda timfundo.
4. Mitsempha. Amiba amakonda kutsata mitsempha ya m'galasi la diso, ndipo dokotala amaona timizere toyera tolowera pakati kuchokera m'mphepete. Chizindikirochi chikaoneka chimaloza kwambiri kwa amiba.
5. Mkombero wotuwa. Matenda akakhalitsa, pagalasi pamaoneka mkombero woyera ngati mphete. Ukaoneka ndiye kuti nthawi yapita kale ndithu.
6. Kukana mankhwala. Diso limene lalandira mankhwala a herpes kwa sabata yathunthu koma osasintha liyenera kuyezedwanso.

KACHIROMBO KACHIWIRI: MICROSPORIDIA

Microsporidia ndi tizirombo tating'ono zedi timene timakhala mkati mwa zamoyo zina, ndipo mbeu zake zimapezeka m'matope ndi m'madzi. Akatswiri masiku ano amatiika pafupi ndi mafangasi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 tinkadziwika makamaka mwa odwala Edzi. Pambuyo pake tinapezeka mwa anthu athanzi ndithu, makamaka ku India ndi ku Singapore m'nyengo ya mvula. Mu 2012 ku Singapore achinyamata ambiri anadwala maso atasewera mpira wa rugby pabwalo lamatope.

Matendawa amafanana ndi a adenovirus: diso limafiira, limatuluka misozi, ndipo pagalasi pamakhala timadontho totuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa anthu athanzi amagwira diso limodzi kawirikawiri, amayamba patapita masiku angapo kapena sabata ziwiri matope atalowa m'diso, ndipo timadontho take ndi tokulirapo, totukuka ngati taikidwa pamwamba. Akakhala pamwamba pokha amachira bwino, nthawi zina okha, nthawi zina dokotala atapala timadonthoto. Koma pali mtundu wina umene umalowa mkati mwa galasi, umakhala miyezi yambiri, ndipo umasokonezedwa ndi herpes wa mkati.

KACHIROMBO KACHITATU: NYONGOLOTSI YA M'MITSINJE YOTHAMANGA

Kachitatu n'kodziwika kuno kwathu, makamaka m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Blantyre, Mwanza, Neno ndi Chikwawa. Ndi nyongolotsi yotchedwa Onchocerca volvulus, imene imafalitsidwa ndi tintchentche takuda toluma toswana m'mitsinje ya madzi othamanga. Nyongolotsi zikuluzikulu zimakhala m'timibulu ta pansi pa khungu, ndipo zimabereka tiana tambirimbiri toyenda m'khungu. Munthu amayabwa thupi koopsa. Tiana tina timafika m'diso, ndipo tikafera m'galasi timasiya timadontho toyera tofanana ndi timene vairasi imasiya. Zikapitirira zaka zambiri galasi limayamba kutuwa kuchokera m'mphepete mpaka munthu kuchita khungu.

Pano dokotala amafunsa kumene munthu amakhala, ngati amayabwa, ndipo amapapasa timibulu. Angathenso kutapa kachikopa kakang'ono n'kukayang'ana pa makina. Mankhwala ake ndi ivermectin, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Mectizan. Kampani ya Merck inayamba kuwapereka ulere mu 1987, ndipo m'maboma tatchulawa anayamba kugawidwa m'midzi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mankhwalawa amapha tiana tija koma osati makolo ake, n'chifukwa chake amamwedwa chaka ndi chaka kwa zaka zambiri.

MMENE ACHIPATALA AMAPEZERA CHOONADI

Ntchito yopeza matenda imayenda ndi masitepe.

Choyamba ndi kufunsa. Pano makina alibe mphamvu. Dokotala sangaone tsamba limene linakwapula diso sabata ziwiri zapitazo, kapena madzi amene tinasukusula. Zimenezi amazidziwa pokhapokha ife titamuuza.

Chachiwiri ndi utoto. Amakhudza diso ndi kapepala kokhala ndi utoto wachikasu wotchedwa fluorescein, ndipo akaunika ndi nyali yabuluu pamene pali chilonda pamaoneka mobiriwira.

Chachitatu ndi makina otchedwa slit lamp. Wodwala amaika chibwano pa makinawa, dokotala n'kuona galasi la diso litakula kambirimbiri. Apa ndi pamene timfundo, timizere ta m'mitsempha ndi mkombero uja zimaonekera.

Chachinayi ndi kupala chilonda. Amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenaka amapala pang'ono pamwamba pa chilonda ndi kachitsulo koyera. Zimene apalazo amazipaka utoto n'kuziyang'ana pa maikulosikopu, ndipo zigoba za amiba, mbeu za microsporidia kapena ulusi wa mafangasi zimatha kuoneka. Ambiri timaopa tikamva zopala diso. Tisaope. Diso limakhala lachita dzanzi, ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, ndipo ndiyo njira yodziwira dzina lenileni la matenda.

Chachisanu ndi kulera kachirombo. Pofuna amiba amaika zopalazo m'kambale momwe athiramo mabakiteriya otchedwa E. coli kuti akhale chakudya chake. Amiba akakhalapo amadya n'kuswana, ndipo njira zake zimaoneka. Izi zimatenga masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata.

Zipatala zina zazikulu za maso m'maiko ena zilinso ndi njira ya PCR, yofufuza chibadwa cha kachirombo, ndi makina otchedwa confocal microscope, amene amaona zigoba za amiba m'diso la munthu popanda kupala. Kuyeza kumodzi kungathe kuphonya, choncho dokotala akati tiyezenso, sindiye kuti walephera ntchito.

Zoyeza zonsezi sizipezeka pa chipatala chaching'ono. N'chifukwa chake pali makwerero. Kuchokera pa chipatala cha m'dera timatumizidwa ku chipatala cha boma kumene kuli wachipatala wophunzira za maso. Iye akaona kuti nkhani yakula amatitumiza ku zipatala zikuluzikulu monga Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu, kapena Nkhoma.

MANKHWALA OYERETSA DISO MWACHINYENGO

Pali mankhwala odontheza a gulu la siteroidi, monga dexamethasone, betamethasone ndi prednisolone. Ntchito yao ndi kuziziritsa kutupa. Akadonthezedwa diso limayera msanga ndipo ululu umachepa. Koma sapha kachirombo, ndipo amafooketsa chitetezo cha diso. Pa diso la amiba, la mafangasi kapena la chilonda cha herpes cha pamwamba, kachirombo kamapeza mpata wolowa mkati. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Madokotala aona kuti odwala amiba amene analandira siteroidi matenda asanadziwike amachira movutikira kuposa anzao.

Mankhwalawa ali ndi ntchito yake m'manja mwa dokotala wa maso. Sayenera kugulidwa mwachisawawa, kubwerekedwa kapena kusungidwa kuti adzathandize wina. Ena amawasakaniza ndi mankhwala opha mabakiteriya m'botolo limodzi, choncho tiziwerenga kapena kufunsa zimene zalembedwa pa botolo.

Chimodzimodzinso zothira m'maso za kumudzi: madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga, mkodzo. Kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa n'kufalitsidwa mu 1994 anapeza kuti mwa odwala atatu a matenda a galasi la diso, mmodzi anali atathirapo mankhwala achikuda. Zoterezi zimaonjezera tizirombo tina pa chilonda, zimachedwetsa ulendo wa kuchipatala, ndipo zimasintha maonekedwe a chilonda kotero kuti dokotala amavutika kuzindikira chimene chinayamba.

CHITHANDIZO CHAKE

Amiba wa m'diso amachiritsika, koma pamafunika kupirira. Mankhwala ake ndi odontheza otchedwa chlorhexidine kapena PHMB, okonzedwa mwapadera pa mlingo wa diso, nthawi zina pamodzi ndi ena otchedwa propamidine. Tichenjezane pano: chlorhexidine wotsukira zilonda kapena wopaka pa mchombo wa khanda ndi wamphamvu kwambiri ndipo amaononga diso. Asalowe m'diso ngakhale pang'ono. Mu 2024 maiko a European Union anavomereza mankhwala oyamba opangidwira matenda amenewa enieni, a mtundu wa PHMB.

Masiku oyamba wodwala amadontheza ola lililonse, usana ndi usiku. Kenaka amachepetsa pang'onopang'ono, koma amapitiriza kwa miyezi ingapo, ena mpaka chaka, chifukwa cha zigoba zija. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu mmodzi sangakwanitse kudzuka ola lililonse payekha, choncho abale ayenera kusinthana pomuthandiza.

Amene apezeka m'masabata awiri kapena atatu oyamba, kachirombo kakadali pamwamba, ambiri amaonanso bwino. Amene achedwa amatsala ndi chipsera, ena amafunika opaleshoni yoikirira galasi lina, ndipo ena diso limaonongekeratu. Kusiyana kwa anthu awiriwa kumakhala masiku ochepa chabe.

TIBWERERE KWA MAYI UJA

Tsono tikuona kuti zinthu zinalakwika malo anayi. Anasukusula diso lovulala ndi madzi a m'munda. Sanatchule za tsamba ndi madzi pamene ankayezedwa. Sabata itatha osasintha sanabwerere kuchipatala. Pomaliza anadontheza mankhwala obwereka. Wachipatala amene anaganiza za vairasi sanachite zachilendo, pakuti pa tsiku limenelo chilonda chinkaonekadi chotero. Chimene chikanasintha maganizo ake ndi mau a mayiyo ndi kubwerera kwake. Zengerezu adalinda kwaukwau.

UFULU NDI UDINDO WATHU

Wodwala ali ndi ufulu wodziwa matenda amene akuganiziridwa, dzina la mankhwala amene wapatsidwa, ndi tsiku loyenera kubweranso. Alinso ndi ufulu wopempha kuti atumizidwe kwa wodziwa za maso ngati sakupeza bwino. Ambiri mwa ife tinaleredwa kuti kufunsa munthu wophunzira n'chipongwe. Koma safunsa adadya phula. Tingathe kufunsa mwaulemu motere: "Adokotala, mankhwala ndadontheza monga munanenera koma sindikusintha. Diso ili linavulala kumunda ndipo ndinasukusula madzi a kudambo. Kodi sikangakhale kachirombo kena? Kodi simunganditumize kwa a maso?" Wachipatala wabwino amakondwa ndi mau otere chifukwa amamuthandiza ntchito.

Ufulu umayenda ndi udindo. Udindo wathu ndi kunena zoona zonse, ngakhale zoti tinathira mankhwala achikuda kapena obwereka. Titenge buku la kuchipatala ndi mabotolo onse amene tagwiritsa ntchito. Tisunge tsiku limene atiuza kuti tibwerenso.

TIPITE KUCHIPATALA TSIKU LOMWELO TIKAONA IZI

1. Diso limodzi lofiira ndi lopweteka kwambiri.
2. Kuona mwachimbuuzi kapena kulephera kuyang'ana kuwala.
3. Kadontho koyera kapena kotuwa pamene pamayenera kukhala pakuda.
4. Diso lofiira pambuyo povulala ndi tsamba, udzu, mankhusu, fumbi kapena matope.
5. Diso lofiira mwa munthu wovala contact lens. Avule timagalasito nthawi yomweyo ndipo atenge pamodzi ndi kachibokosi kake popita kuchipatala.

Tikalandira mankhwala koma diso likuipiraipira, tibwerere osadikira. Likakhala losasintha patatha masiku atatu, tibwererenso.

KUPEWA

Diso likavulala kumunda tilitsuke ndi madzi aukhondo, makamaka owiritsa ndi kuziziritsa, osati a m'dambo kapena a m'chithaphwi. Tisalitikite. Popuntha mpunga, podula nzimbe ndi poswa miyala titeteze maso ndi magalasi ngati tingawapeze. Ovala contact lens asatsuke timagalasi ndi madzi a pampopi kapena malovu, asasambe kapena kusambira atavala, asagone nato, ndipo asabwerekane. Timagalasi tosintha mtundu wa maso tili ndi ngozi yomweyo. Okhala m'madera a tintchentche takuda amwe ivermectin nthawi iliyonse imene achipatala agawa.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi kwathu kuno munthu akadwala diso amayamba wapita kuti? Chifukwa chiyani?
2. Ndi ntchito ziti za kwathu zimene zimavulaza maso kawirikawiri, ndipo ndi miyezi iti?
3. Kodi m'nyumba mwathu muli mabotolo a mankhwala a m'maso otsala? Tikudziwa zimene zili mkati mwake?
4. N'chiyani chimatiletsa kufunsa mafunso kuchipatala kapena kubwererako kachiwiri?
5. Munthu akatumizidwa ku chipatala chachikulu koma alibe ndalama yoyendera, ife ngati gulu tingachitepo chiyani?

ZOTI TICHITE

Tisanabalalike tigwirizane zinthu zitatu. Tisankhe anthu awiri oti akafunse kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku komiti ya pachipatala masiku amene wa maso amapezeka ku chipatala cha boma, ndipo adzatiuze pa msonkhano wotsatira. Aliyense akafika kunyumba akatulutse mankhwala a m'maso akale n'kuwapereka kuchipatala kuti akatayidwe. Pomaliza tikambirane za kathumba ka ndalama zoyendera, kuti mnzathu wopatsidwa kalata yopita kwa dokotala wa maso anyamuke m'mawa mwake, osadikira kuti agulitse kaye mbeu.